Nsomba Zooneka pa Sabata Pokha

Kwathu kuno, kumapiri a ku Vubwi, munthu akafuna netiweki amakwera chulu. Zimenezi amadziwa ndi mwana yemwe. Kuseri kwa khola la achimwene anga kuli chulu chachikulu chimene chinachita kusalala pamwamba ndi mapazi a anthu oimba foni, ndipo nkhani zonse za m'mudzi muno, za maliro, za mimba, za ng'ombe zosowa, zinadutsa pamenepo. Ukaima pamwamba pake n'kuyang'ana uku, foni imakulandira ku Malawi. Ukatembenukira uko, imakulandira ku Mozambique. Netiweki ya dziko lathu ndiyo imabwera mokoka miyendo, ngati munthu woitanidwa kukalima m'munda wa eni. Ndayamba ndi chuluchi chifukwa nzeru yake inatsala pang'ono kundithetsera banja.

Amuna anga si a kuno. Kwawo ndi ku Sinda, koma unyamata wawo wonse anathera ku Kariba m'maboti opha kapenta, ndipo anabwera kudzandikwatira ali ndi chikwama chimodzi ndi nkhani za madzi zodzaza ngolo. Anakhala chikamwini monga mwa mwambo wathu. Munda umene amalima ndi wa amayi anga. Nyumba anamanga ndi manja awo, koma pamalo a amayi. Ana akalakwa, mlandu unkapita kwa malume awo. Imvi zinafika m'mutu, mpingo unawasankha kukhala mkulu, koma pamudzi anali mlendobe. Achimwene ankakonda kunena kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ankanena moseka, monga amachitira anthu a pachilamu, koma ine ndinkaona kuti amuna anga sakuseka nawo.

Ndi amayi ndiye ankathawana zenizeni. M'mabanja ena apongozi amathetsa manyazi amenewa mwana woyamba akabadwa: amapha nkhuku, amaitana mkamwini, basi zatha. Amayi anga nkhuku imeneyo sanaphe. Ana anabadwa, anakula, wamkulu mpaka anakwatiwa ku Lusaka, koma amuna anga akaona amayi akubwera panjira ankapatukirabe m'tchire, ngakhale muli chitedze. Akafuna kulankhulana, foni yawo ndinali ine. Amayi ankakhala pakhonde atayang'ana kunkhokwe, amuna anga atanjuta kuseri kwa nyumba, ine pakati. "Uwauze amuna ako kuti denga la khitchini likudontha." "Muwauze amayi kuti tamva." Onse awiri akumvana bwinobwino, koma mawu ayenera kudzera mwa ine, ndipo tsiku lina nditatopa n'kungokhala chete, onse anandidikira mpaka ndinabwereza.

Kumunsi kwa dimba la amayi kuli damu lakale limene anakumba kuti ng'ombe zizimwa. Ndi lakuya pakati, ndipo pansi pake padzaza zitsa za mitengo imene inamira. Chaka china amuna anga anapempha, kudzera mwa ine, kuti aikemo nsomba. Amayi anavomera ndi mphuno. Anakagula tiana ta nsomba, nabwera nato m'matumba a madzi pa njinga yamoto, atatikumbatira ngati makanda. Kenako anachita chinthu chimene anthu akusimbabe mpaka lero: anagula boti. Linali lakale, la pulasitiki wolimba, lokhala ndi zigamba m'mbali. Linabwera pa lole mpaka pamsewu, n'kumalizira ulendo pa ngolo. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaona boti likudutsa pakati pa minda ya mtedza. Achimwene anavula chipewa n'kufunsa mwaulemu ngati alamu alandira uthenga wa chigumula, kuti ifenso tiyambe kusonkhanitsa ziweto ziwiriziwiri.

Ine botilo ndinakwiya nalo, sindibisa. Nyumba yathu inali isanapakidwe ndi laimu yemwe. Koma m'mawa uliwonse amuna anga ankatenga ndowa ya gaga wa amayi, n'kupalasa mpaka pakati pa damu, ndipo ndikamatunga madzi ndinkawamva akuimba. Munthu ameneyu pakhomo saimba. Ndinazindikira kuti pamudzi pano sanakhalepo ndi chinthu chimene akanaloza n'kunena kuti changa, kupatula nsomba zimenezi, ndipo ndinatseka pakamwa panga.

Chisanu chitafika, nsomba zinasowa. Kale zinkabwera pamwamba kudzalimbirana gaga, madzi n'kumachita thovu, koma tsopano gaga ankangoyandama mpaka kukafika m'mphepete. Mbedza sinagwire kanthu. Ukonde umene anabwereka unakodwa m'zitsa n'kutuluka uli nsanza. Amuna anga ankati nsomba zikamva kuzizira zimatsikira pansi n'kusiya kudya, koma ndani kuno akanamva zimenezo? Anthu anagamula okha kuti ng'azi ndi akatumbu anamaliza zonse. Achimwene, amene anali atagula kale injini yopopera madzi, anayamba kuwerengetsa mizere ya matimati imene damulo lingathirire. Tonse tinkadziwa kuti injiniyo ikayamba kulira, pofika nthawi yotentha m'damumo mudzatsala matope okhaokha.

Amayi anandiitana pakhonde, amuna anga ali pamalo awo kuseri kwa nyumba.

"Uwauze amuna ako kuti gaga wanga ndi wa nkhumba, si wodyetsa achule," anatero. "Mwezi uno ukatha ndisanaone nsomba ndi maso angawa, mlongo wako aike injini yake."

"Muwauze amayi kuti tamva," anayankha amuna anga.

Titafika kunyumba anakhala pampando osavula nsapato. Patapita nthawi anati, "Amake mwana, akaika injini ija, ine ndipita kwathu ku Sinda. Ndakhala mokwanira." Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinandiopsa. Akanakhala munthu woopseza ndikanawaseka, koma m'zaka zonse za ukwati wathu anali asanatchulepo za kwawo mwanjira imeneyo. Ndinachita mantha kwambiri.

Ndinakwera chulu n'kumulirira mwana wathu wa ku Lusaka. Iye, pokhala mwana wa masiku ano, sanalire nane. Anatitumizira pa basi kabokosi, m'kati mwake muli kanthu kozungulira kofanana ndi lalanje, kamene tinangokatcha kampira. Anati asodzi a m'maboti amagwiritsa ntchito koteroko. Umakamanga ndi chingwe n'kukaponya pamadzi, kakangonyowa kamayaka kokha, kamayang'ana pansi, ndipo zimene kakuona kamatumiza pa foni kudzera pa wayifayi. Foni yake iyenera kukhala yagalasi lalikulu. Ya amuna anga ndi ya mabatani, yomanga ndi mphira. Choncho foni yanga, imene ndinagula ndi thukuta langa la kaunjika, inalandidwa tsiku lomwelo popanda ndi pepani yemwe.

Tsiku loyesa, theka la mudzi linali m'mphepete mwa damu. Ine ndinakwera nawo m'boti kuti ndiyang'anire foni yanga. Titafika pakati, amuna anga anaponya kampira, nayatsa wayifayi ndi chala chawo chokhakhala, ndipo taonani, pagalasi panaoneka mzere wokhotakhota. "Pansi pa damu apo!" anafuula. Asanamalize kufuulako chithunzi chinauma, kenako panatuluka mawu a Chizungu onena kuti kulumikizana kwaduka. Anayatsanso, chinabwera, chinaduka. Anayatsanso, chimodzimodzi. Amuna anga anauza a kumtunda zimene zachitika, ndipo khamu lonse linayankha ndi liwu limodzi ngati kwaya: "Netiweki!"

Palibe amene anakayika. Kuno foni ikavuta, vuto limakhala netiweki, ndipo mankhwala ake timawadziwa. Tinayamba ndi mabandulo. Ndinathiramo ochuluka kuposa amene ndinathirapo chigulireni foniyo, koma chithunzi chinkaduka msanga kuposa kale. Achimwene, pofuna kuoneka kuti alibe kaduka, anatibwereka simu yawo ya ku Malawi imene amaimbira anzawo a malonda. Inalephera. Mayi wina amene mwamuna wake amagula mbuzi kutsidya anabweretsa ya ku Mozambique. Inalepheranso, ndipo achimwene anati nsomba za alamu zakanidwa ndi mayiko atatu.

Kenako wina anati pamadzi ndi potsika, foni iyenera kukwezedwa. Amuna anga anadula nsungwi yaitali, namangirira foni yanga kunsonga ndi luzi, n'kuiimika pakati pa boti. Mtima wanga unali m'mwamba momwemo, ukugwedezeka ndi mphepo. Foni inagwiradi netiweki yabwino, moti tinkaimva ikulira mauthenga kumwambako, koma panalibe munthu wamtali wokwanira kuona chimene chili pagalasi. Titaitsitsa tinapeza mauthenga a azimayi a kumpingo okumbutsana za kusesa, koma za nsomba panalibe.

Zitatero panatsala mankhwala aakulu aja. Amuna anga ananditumiza kuchulu ndi foni, iwo n'kutsala m'boti ndi kampira. Kuchokera pachulu damu limaoneka ngati mbale, ndipo amuna anga ankafuula atazinga manja pakamwa.

"Zaoneka?"

"Ayi!"

"Kwezani dzanja!"

"Ndakweza! Mukufuna ndiuluke?"

Pamenepo foni sinkadziwa n'komwe kuti padziko pali kampira. Anthu amene ankadikira mpata woimba foni anayamba kupereka nzeru. Mmodzi anati kulakwa kwathu n'kwakuti takweza foni yokha, pamene kampira nakonso kakufuna netiweki. Zinamveka zanzeru. Choncho mkulu wa mpingo, munthu wa imvi zake, anakwera chulu atasenza ndowa ya madzi kampira kali momwemo, madzi akumutsikira m'khosi. Pamwambapo foni inagwira kampira n'kukataya nthawi yomweyo, mofulumira kuposa pena paliponse. Tinatsika ndi ndowa yathu.

Ulendo wa ku Katete unatidyera tsiku lathunthu. Tinapita kwa munthu wina wokonza mafoni pamsika, wokhala m'kashopu kodzaza mawaya, amene anatimvera akutafuna chingamu. Asanachite chilichonse anatulutsa masimu onse m'foni n'kundipatsa m'manja. "Sungani, amai," anatero. "Ine sinifuna munthu akambe ati ninamudyela mabandulo." Anaitanitsa ndowa ya madzi, naponyamo kampira, nayatsa wayifayi. Chithunzi chinabwera n'kukhazikika. Tinadikira kuti chiduke, koma ayi. Anazimitsa, nayatsanso, chinabwera bwinobwino.

"Mudala, aka kalibe pulobulemu," anatero. "Kali chabe bwino. Kapena ni damu yanu."

Amuna anga anabwerera kumudzi akuimba m'minibasi. Ine ndinabwezera masimu m'malo mwake tisanafike ndi pa Chadiza pomwe, chifukwa munthu sungayende ulendo wonsewo osadziwa ngati mbuzi zalowa m'khola. M'mawa mwake padamu chithunzi chinaduka monga mwa masiku onse. Tsiku lomwelo achimwene anakankha injini yawo pa wilibala n'kuiika m'mphepete mwa damu, naifunditsa thumba. Anati akungoizoloweretsa malo.

Apa ndiyenera kufotokoza za kandege. Chaka china foni yanga inalira m'tchalitchi pakati pa pemphero la mgonero, ndipo nyimbo imene mdzukulu wanga anandiikira inali ya gule wosayenera kumveka pamalo amenewo. Ndinaisakasaka m'chikwama mpaka nyimbo inafika pakolasi. Kuyambira tsiku limenelo, Sabata lililonse ndisanalowe m'tchalitchi ndimadina kachizindikiro ka ndege kamene kamatseka mafoni onse obwera, ndipo ndimakachotsa madzulo ndikakumbukira. Dzanja limachita lokha, mutu osadziwa.

Sabata loyamba chibwerereni ku Katete, titaweruka kutchalitchi, amuna anga anatenga foni yanga patebulo n'kunena kuti akukawongola miyendo. Ndinaona kuti thumba la jekete latupa mozungulira, koma sindinafunse. Anabwerako patapita nthawi, nsapato zili matope, nkhope ngati aona mzukwa. Anatseka chitseko.

"Amake mwana," ananong'ona, "zilimo."

"Chiyani?"

"Nsomba. Zadzaza pansi pa zitsa. Chithunzi sichinaduke ngakhale kamodzi."

Ndinalumpha n'kuyamba kumanga chitenje. "Ndiye tikudikiranji? Tiyeni kwa amayi!"

"Ndikawauza kuti ndaziona liti?"

Ndinakhala pansi. Chaka chathachi amuna anga omwewa anaimirira pamaso pa akulu a mpingo n'kudzudzula achimwene chifukwa chothirira matimati tsiku la Sabata. Analankhula bwino kwambiri tsiku limenelo, anthu mpaka anagwedeza mitu, ndipo achimwene sanaiwale ngakhale liwu limodzi. Tsopano wodzudzula uja anali atapalasa boti pa Sabata, ali m'jekete la kutchalitchi. Tinagwirizana kuti tingodikira mawa, popeza kampira kachira.

Lolemba m'mawa anaitana achimwene kuti adzakhale mboni. Achimwene anakana kukwera boti, anati aona ali pamtunda mmene nkhope ya alamu ikhalire. Nkhopeyo anaionadi. Chithunzi chinabwera n'kuduka, kubwera n'kuduka. Lachiwiri chimodzimodzi. Mlungu wonse amuna anga anayesa zonse zimene anachita tsiku lija: anavala jekete lomwelo, anapita nthawi yomweyo, anaima pamalo omwewo. Pofika Loweruka anali atapeza yankho, ndipo anandiuza ndi mawu a munthu wogonja. "Ichi ndi chiyeso. Chinthu chimene chimagwira ntchito pa Sabata pokha mwini wake timamudziwa." Anati sakakhudzanso. Ndinaona kuti atsitsa chikwama chawo chakale chija pamwamba pa kabati n'kuchipukuta fumbi, ndipo mwezi unali utatsala masiku owerengeka.

Sabata lotsatira, titadya, ndinatenga kampira ndekha n'kukaika m'manja mwawo. "Ngati ndi tchimo, tichimwire limodzi," ndinatero. "Ine sindikhala mbeta ndi imvi chifukwa cha matimati." Tinadzera m'nthochi kuti anthu asatione, nkhafi nditaikulunga m'chitenje ngati mzimbe.

Pakati pa damu panali zii. Anaponya kampira, nayatsa wayifayi osayang'ana china chilichonse, monga ankachitira nthawi zonse. Mzere wa pansi uja unabwera. Unakhala. Kenako pamwamba pake panayamba kudutsa timizere tokhota, kamodzi, tiwiri, kenako gulu, tina tating'ono tina tonenepa, tikuyenda pang'onopang'ono pakati pa zitsa. Amuna anga ankaloza ndi chala. "Izo. Izonso izo. Zakula, mwaona?" Ndinasangalala mpaka misozi, koma ndinamvanso chisoni, chifukwa munthu ameneyu ankanena zoona nyengo yonseyi ndipo ngakhale ine ndinali nditayamba kukhulupirira za akatumbu.

Ndili m'kati mopukuta maso ndinakumbukira kuti mwana wa ku Lusaka amakonda kuimba Sabata masana. Ndinalanda foni, ndinaona kandege kali pakona, n'kukachotsa. Sipanapite nthawi foni inalira, uthenga wondilandira ku Mozambique. Nsomba zonse zinauma pomwepo, ndipo mawu a Chizungu aja anatuluka.

"Mwachita chiyani?" anafunsa amuna anga.

Ndinabwezera kandege, n'kuyatsa wayifayi. Nsomba zinayambanso kuyenda. Ndinakachotsa, zinauma. Ndinakabwezera, zinayenda. Ndinakumbukira masimu aja ali m'manja mwanga ku Katete, ndipo zonse zinandiwalira. Foni yanga inatengera mwini wake, imakonda kumene kuli nkhani. Kampira kalibe nkhani za kunja, kamangodziwa za pansi pa madzi, choncho foni ikangonunkhiza netiweki kwina, ngakhale yofooka bwanji, inkakasiya n'kuthamangira komweko. Kampira sikankafuna netiweki ya dziko lililonse. Kankangofuna kuti foni ikhale pafupi n'kutseka makutu. Ife masabata onsewa tinkasaka ndi mabandulo, ndi nsungwi, ndi chulu, chinthu chenicheni chimene chinkatiphera ntchito.

Ndinaseka mpaka boti linayamba kupendama. Amuna anga ankandigwira pakamwa. "Mutigwiritsa, amake mwana, lero ndi Sabata!" Koma nawonso mapewa ankagwedezeka.

Lolemba ndinapita kwa amayi, amuna anga n'kunjuta kuseri kwa nyumba. Ndinanena kuti nsomba zapezeka, osatchula tsiku.

"Zomva ine ayi," anatero amayi. "Bweretsa foniyo pano ndione."

Ndinafotokoza kuti foni iyenera kukhala pafupi ndi kampira, ndipo kampira kayenera kukhala pamwamba pa nsomba. Anatenga ndodo yawo n'kutsika nafe kudamu, amuna anga akutsatira patali. Achimwene anali kale pomwepo, akupukuta injini. Tinaponya kampira kuchokera m'mphepete, koma pamenepo ndi posaya, ndipo pagalasi panangooneka matope.

"Ndiye nsomba zake n'zimenezi?" anafunsa achimwene.

"Zili pakati," ndinatero.

Amayi anayang'ana madzi, anayang'ana boti. "Ndikwera," anatero.

Achimwene anati ngati ndi choncho apalasa okha, mayi wawo sangakwere ndi munthu wina. Analowa m'boti kuti ayesere, nakankha ndi nkhafi. Boti linazungulira pamalo amodzi, linazunguliranso, ndipo anatuluka chokwawa, atanyowa mpaka m'chiuno, akunena kuti lili ndi vuto. Ine kupalasa sindidziwa. Panatsala munthu mmodzi yekha, ndipo anali ataima pansi pa mtengo wa mango atayang'ana kumapiri. Vuto linali lakuti botilo ndi laling'ono, ndipo anthu awiriwa anali asanakhalepo pamphasa imodzi.

"Uwauze amuna ako," anatero amayi pomaliza, "kuti aziyang'ana madzi."

Amuna anga anathamangira kunyumba. Ndinkaganiza kuti athawa, koma anabwerako atavala jekete ndi tayi. Amayi tinawakhazika kutsogolo atayang'ana kumene tikupita, ine pakati ngati khoma, amuna anga kumbuyo, maso ali pankhafi. Sindinaonepo munthu akupalasa mwaulemu chonchija. Nkhafi inkalowa m'madzi osamveka.

Titafika pakati ndinaonetsetsa kuti kandege kalipo, ndinayatsa wayifayi, n'kupereka foni kwa amayi. Anaigwira ndi manja awiri, ataitalikitsa kumaso. Mzere wa pansi unabwera. Kwa kanthawi panalibe chilichonse, ndipo ndinamva amuna anga asiya kupuma kumbuyo kwanga. Kenako kamzere kamodzi kanadutsa, kenako gulu lonse.

"Izi n'chiyani?"

"Nsomba, amayi."

"Zonsezi?"

"Zonsezo."

Anayang'ana nthawi yaitali. Anasuzumira m'madzi, momwe simunkaoneka kanthu, n'kubwereranso pagalasi. "Uwafunse amuna ako ngati n'zomwe zija anaona pa Sabata."

Nkhafi inagunda m'mbali mwa boti. Ine ndinati, "Amayi, ndani wakuuzani zimenezo?"

"Khonde langa limayang'ana kuti? Sabata loyamba anali okha. Lachiwiri munali awiri, wina atanyamula mzimbe wopanda masamba." Sanachotse maso pafoni. "Ine sindine mkulu wa mpingo. Ndinangoti munthu wodziwa lamulo chonchija akafika polithyola, ndiye kuti chamupweteka."

Gulu lina la nsomba linadutsa pagalasi n'kulowera kumanzere, ndipo amayi anatsatira ndi mutu ngati angazione kuseri kwa foni.

"Zikuthawira uku," anatero. "Tapalasani pang'ono uku, bambo."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndibwereze, monga ndinachitira zaka zonsezi, koma ndinazindikira kuti sananene kuti uwauze. Amuna anga nawonso ankandidikira. Ndinangokhala chete n'kuweramira pansi kuti khoma lichepe. Amayi anatembenuka pang'onopang'ono, boti likugwedera, n'kuwayang'ana kumaso.

"Ndikunena inu, bambo. Simukumva? Nsomba zanu zikutisiya."

"Ndamva, amayi," anatero amuna anga.

"Zaonda izi. Mawa mubwere kunyumba mudzatenge gaga, nkhumba zadya mokwanira. Mubwere nokha, mudzere kukhomo la kutsogolo. Uyu musamutume, amachedwa ndi nkhani panjira."

Munthu amene anapalasa maboti ku Kariba unyamata wake wonse anatizunguliritsa pamalo amodzi ngati achimwene, chifukwa ndi misozi sankaona bwino kumene akupita. Amayi anawadzudzula okha, osadzera mwa ine, ndipo iwo anapepesa okha. Kumtunda achimwene ankafuula kufunsa ngati zaoneka, koma ife maso anali pagalasi. Titafika tinawapeza akukweza injini pa wilibala.

M'mawa mwake ndinawaona amuna anga akupita ndi ndowa. Atafika pamphambano pamene ankapatukira kuseri kwa nyumba, miyendo inapatuka yokha, ndipo anayenda pang'ono asanakumbukire. Anaima, anakonza kolala, n'kubwerera kunjira ya kutsogolo. Pakhonde amayi anali atayala mphasa, ndipo tambala wawo wofiira anali atamangidwa miyendo. Ine ndinalowa m'nyumba n'kubwezera chikwama chija pamwamba pa kabati.